Mutu wa kafukufuku ukakula kuposa mwini wake

Funso lachokera kwa wophunzira wa ku Tsangano: "Aphunzitsi, ndili chaka chomaliza pa maphunziro a zaulimi ku Ulongué. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi kuti ndikaime pa semina kukafotokoza pulojekiti ya monografia yanga, ripoti la kafukufuku womalizira digiri. Mutu wanga ndi wa ulimi wa mbatata ya kachewere ndi umphawi m'chigawo cha Tete. Ndalemba masamba 30 koma supervisor wanga akuti sakuona chimene ndikufuna kufufuza. Ndikaima pagulu Chipwitikizi chimandithawa. Mnzanga wina wandiuza za munthu amene amalembera ophunzira monografia pa mtengo. Ndine mtsikana woyamba kwathu kufika pano, sindikufuna kugwa. Ndiyambire pati?"

Achemwali, supervisor wanu sanakunyozeni. Wanena zoona, ndipo wanena nthawi ikadalipo. Mawu omwewo ndawanena kwa ophunzira ambiri pa zaka zimene ndakhala ndikuyang'anira ma monografia ndi kukhala pa júri, gulu la aphunzitsi oweruza ntchitoyo, ndipo ndimadziwa mmene amawawira munthu amene wagona usiku wambiri pa kompyuta. Koma vuto lanu si Chipwitikizi, si masamba ochepa. Mutu wakula.

Taganizani. Chigawo cha Tete chili ndi maboma 15, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara. Kachewere salimidwa ku Changara kapena ku Mágoè kotentha kuja. Kwawo ndi kumtunda kozizira, ku Angónia ndi kwanu ku Tsangano. Ndiye mawu akuti "chigawo cha Tete" agwa kale. Umphawi nawonso ndi nkhani ina yaikulu payokha, yofuna miyeso yakeyake, ndalama za pakhomo za chaka chonse, ndi anthu ambiri ogwira ntchito. Mwatenga mapanga awiri, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Monografia ya licenciatura, digiri yoyamba, sifuna kuti muthetse umphawi. Ifuna muonetse kuti mutha kufunsa funso limodzi, kupita kukafuna yankho lake mwa njira yoti wina angaitsate, n'kubwera kudzanena zimene mwapeza popanda kuwonjezera mchere.

Inu mwakulira m'minda ya kachewere, ndiye funsolo muli nalo kale, kungoti simunaliyese funso la kusukulu. Mwaonapo amayi kapena amalume akusankha timbatata ting'onoting'ono pa zokolola kuti tikhale mbewu ya chaka chamawa. Mwamvapo akudandaula kuti mbewu "yatopa". Kutopako kuli ndi chifukwa chake: mbatata imabzalidwa ndi mbatata inzake, choncho mavairasi ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndiponso matenda ofotetsa a bakiteriya wa Ralstonia solanacearum, amayenda ndi mbewu kuchoka munda uno kupita winawo, chaka ndi chaka. Ndipo timbatata tating'ono timene anthu amasungati nthawi zina n'tochokera pa mapando amene anali odwala kale. Funso lake lingakhale ili: alimi a ku Ntengo-wa-Mbalame amaipeza kuti mbewu ya kachewere, amaibwereza kangati, ndipo zokolola za obwereza mbewu zimasiyana bwanji ndi za ogula yatsopano? Limeneli ndi funso loti munthu mmodzi wa njinga kapena wokwera chapa (minibasi) angaliyankhe m'miyezi yochepa. Sindikuti mutenge lomweli. Ndikuti lanu likhale la msinkhu umenewu: malo amodzi, mbewu imodzi, chinthu chimodzi choyezeka.

Yang'ananinso kalendala musanalumbire pa mutu. Ngati funso lanu likufuna kubzala munda woyesera, kumbukirani kuti kachewere amatenga miyezi itatu kapena inayi, ndipo mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Ngati defesa yanu, tsiku lokateteza ripoti lomalizidwa pamaso pa júri, ikubwera mvula isanagwe, ndiye kapena mukhale ndi dimba la madzi odalirika, kapena musankhe kafukufuku wofunsa alimi. Ndaona ntchito zabwino zikuchedwa chaka chathunthu chifukwa cha chinthu chokhachi.

Funso likapezeka, chitani ichi musanatsegule kompyuta. Tengani pepala limodzi, muligawe mizere inayi kutsika. Pamwamba lembani funso lanu ndi objectivo geral, yomwe ndi funso lomwelo lolembedwa ngati ntchito. Mu mzere woyamba ikani ma objectivos específicos, zolinga zazing'ono zochokera mu cholinga chachikulucho, atatu, osapitirira apo. Ayambe ndi mawu a ntchito yooneka: identificar (kupeza), descrever (kufotokoza), comparar (kuyerekeza). Mawu onga compreender ndi conhecer apeweni, chifukwa palibe tebulo lingasonyeze kuti mwamvetsa. Mu mzere wachiwiri, moyang'anizana ndi cholinga chilichonse, lembani zimene mukufuna kudziwa kuti muchikwaniritse. Wachitatu, mudzazipeza bwanji ndipo kwa yani. Wachinayi, mudzazisanthula bwanji. Mukapeza cholinga chopanda njira pambali pake, chichotseni. Mukapeza funso la mu inquérito, mndandanda wa mafunso ofunsa alimi, lopanda cholinga chimene likutumikira, lichotseninso, ngakhale likukusangalatsani. Pepala limeneli ndiye msana wa ntchito yonse. Zotsatira zidzatsata zolinga zitatuzo mwa ndondomeko yomweyo, ndipo conclusão, chigawo chomangira ripoti, idzayankha zitatu zomwezo, chimodzichimodzi. Oponente aliyense, mphunzitsi wa pa júri wopanikiza wophunzira ndi mafunso, amene ndakhala naye pa tebulo amayamba ndi kutsegula tsamba la zolinga, kuika chala pamenepo, n'kutsegula tsamba la conclusão kuona ngati zikulankhulana.

Za masamba 30 aja, ndikuganiza kuti ambiri ndi a revisão da literatura, chigawo chounika zimene ena analemba, ndipo theka lake lidzatuluka. Musamve chisoni. Chigawo chimenecho si nkhokwe yothiramo chilichonse chonena za mbatata kuyambira kwawo ku mapiri a Andes. Chiyenera kunena zimene ena apeza kale pa funso lanu, pomwe akugwirizana, pomwe akusiyana, ndi mpata umene watsala. Ziwerengero za anthu mutenge ku INE, bungwe la boma la ziwerengero, pa kalembera wa 2017. Za ulimi zili mu Inquérito Agrário Integrado, kafukufuku wa boma wa zaulimi, ndiponso ku SDAE, ofesi yoyang'anira zaulimi ndi zachuma m'boma lanu. Pa Google Scholar fufuzani m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi momwe, pakuti tsidya la malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, amalima kachewere pa nthaka ndi nyengo yofanana ndi yanu, ndipo zolembedwa za kumeneko zili m'Chingerezi. Bungwe la International Potato Center lili ndi zambiri pa nkhani ya mbewu. Chilichonse mwawerenga, lembani pompo dzina la wolemba, chaka ndi tsamba. Pulogalamu ya Zotero ndi yaulere ndipo imakonza mndandanda wa mabuku motsata ndondomeko ya APA kapena ina imene regulamento, buku la malamulo a sukulu yanu, ikufuna. Regulamento imeneyo ipezeni sabata ino, muiwerenge yonse. Kukula kwa zilembo, chiwerengero cha masamba ndi mphindi za semina zalembedwa mmenemo, ndipo zimasiyana sukulu ndi sukulu.

Tsopano pamene ndikufuna tikhalitse ndi pa njira, metodologia, chifukwa pa semina ya pulojekiti ndi pamene mafunso ambiri amagwera, ndipo ndi pamenenso inu muli ndi mwayi woposa anzanu.

Adzakufunsani kuti mufunsa alimi angati, ndipo chifukwa chiyani. Ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito fomula ya Yamane: n = N / (1 + N × e²), pomwe n ndi alimi oti mufunse, N ndi alimi onse a m'deralo, e ndi kuphonya kumene mwalola. Tiyerekeze kuti dera lanu lili ndi alimi a kachewere 1,000. Mukalola kuphonya kwa 5 pa 100, mufunika alimi 286. Mukalola 10 pa 100, ndi 91. Onani kusiyana kwake, ndipo sankhani chimene miyendo ndi thumba lanu zingathe, n'kunena poyera kuti mwasankha chiyani. Koma fomulayo imagwira ntchito ngati anthuwo asankhidwa mwamaere. Mukangofunsa alimi a m'mbali mwa msewu, kapena okhawo amene a mfumu akuitanirani, mwafunsa opeza bwino ndi odziwika. Pezani mndandanda wa alimi kwa a extensionista, alangizi a zaulimi, kapena kwa atsogoleri a midzi, muchite maere, ndipo amene wagwa patali kuseri kwa phiri mupiteko ndithu.

Musalowe m'mudzi opanda credencial, kalata yokudziwitsani yochokera kusukulu. Muionetse ku SDAE, kwa a chefe do posto, mkulu wa boma m'deralo, kenako kwa a mfumu ndi a nyakwawa, ngakhale mudziwo ndi wa kwanu komwe. Ndiyeno kwa mlimi aliyense nenani momveka kuti ndinu mwana wa sukulu, simukulemba maina a feteleza kapena a chithandizo, dzina lake silidzatuluka mu ripoti, ndipo ali ndi ufulu wokana. Izi si za ulemu wokha. Munthu akaganiza kuti kaundula wanu ndi wa chithandizo adzachepetsa zokolola zake. Akaganiza kuti ndi wa ngongole ya mbewu adzakuza munda. Ziwerengero zanu zidzakhota musanafike n'kunyumba komwe.

Ripoti mudzalemba m'Chipwitikizi koma alimi mudzawafunsa m'Chichewa, ndipo pakati pa zinenero ziwirizi ndi pamene ma monografia ambiri amathyokera osadziwa. Tengani mawu akuti agregado familiar. Mukati "banja", wina awerenga ana amene ali ku Moatize kapena ku Joni. Mukati "anthu odyera mphika umodzi", mwayandikira tanthauzo lake. Nanga chefe do agregado, mutu wa banjalo, ndani kwa ife a chikamwini? Bambo ndi mkamwini, munda ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi amalume okhala khomo lina. Mukafunsa kuti "mwini munda ndani", "amasankha mbewu ndani", "amasunga ndalama za mbatata ndani", mutha kulandira maina atatu osiyana, ndipo onse ndi oona. Wobwera kuchokera ku Maputo sangaone zimenezi. Inu mukuziona. Choncho masulirani mafunso anu m'Chichewa polemba, osati pamtima muli pakhomo pa munthu. Kenako mupatse mnzanu amene sanaone la Chipwitikizi kuti abwezere m'Chipwitikizi, muone pomwe tanthauzo lasochera. Mukatero kayeseni pa alimi khumi a mudzi umene suli mu kafukufuku wanu.

Miyeso ndiye ina. Palibe mlimi adzakuuzeni matani pa hekitala. Adzati "ndinakolola ngolo zitatu", "matumba khumi ndi awiri", "ndowa zakuti". Thumba la kachewere losokerera chisoti pamwamba lija si la makilogalamu 50 ngakhale palembedwa choncho, ndipo ndowa yosefukira si yofanana ndi yodulira pakamwa. Nyamulani sikelo yokoleka, muyeze matumba ndi ndowa zingapo m'mudzi uliwonse, mulembe pakatikati pake, ndipo muike zimenezo mu ripoti. Kukula kwa munda ambiri a m'malire amatchula maekala. Ekala imodzi ndi mahekitala 0.4, hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Ena amangonena mizere. Minda ingapo muizungulire ndi GPS ya pafoni kuti muone ngati zonenedwa zikufanana ndi zenizeni. Mitengo nayo funsani ngati ndi ya metikali kapena ya kwacha, ndipo lembani mwezi wake, pakuti mtengo wa nthawi yokolola si wa nthawi yosowa. Ndikukumbukira mnyamata wina amene tebulo lake linkasonyeza zokolola zochepa moti aphunzitsi a zaulimi pa júri anavula magalasi n'kuyang'ananso. Titafufuza, anali atalemba maekala ngati mahekitala pa mudzi umodzi, ndi ngolo ngati matumba pa wina. Mnyamatayo anayendadi midzi yonse, nsapato zinatha, koma anayenera kuwerengera zonse kachiwiri.

Mayankho mungalembe pa pepala kapena pa KoboToolbox, yomwe imagwira ntchito pafoni ngakhale kulibe netiweki. Madzulo alionse yang'anani za tsikulo mukadali pafupi ndi mudziwo. Sungani zonse malo awiri, pa fulashi ndi pa Google Drive kapena pa imelo yanu.

Nkhani ya wolembera anthu ija ndiyankha mwachidule: ayi. Sukulu ikazindikira, ntchito imakanidwa ndipo chilango chimatsatira. Ndipo kuzindikira kwake sikuvuta monga ogulitsawo amanenera. Ndinakhalapo pa defesa ina pomwe ripoti linali losalala ngati lopaka mafuta. Oponente anangofunsa mofatsa kuti, "Pochoka pamsika kupita ku mudzi mwautchula pa tsamba ili, munadutsa mtsinje uti?" Chipinda chinati zii. Bambo ake a wophunzirayo anali atakhala kumbuyo, atavala jekete la kutchalitchi. Zinandiwawa mpaka lero. Chimodzimodzinso mapulogalamu a pa intaneti olemba okha: angakuthandizeni kukonza galamala, koma amatha kupeka maina a mabuku amene kulibe. Buku limene simunalitsegule ndi maso anu lisalowe mu ripoti.

Semina yokhayo si bwalo la milandu. Ndi tsiku limene aphunzitsi amakuonetsani pomwe denga likudontha mvula isanabwere, ndipo amene watuluka ndi tsamba lodzaza ndi zokonza wapindula kuposa amene wangowomberedwa m'manja. Kawirikawiri amapereka mphindi 15 kapena 20. Masilaidi khumi kapena khumi ndi awiri akwana: mutu, vuto, funso, zolinga, mapu a dera, njira, ndondomeko ya nthawi, ndalama zofunika. Nthawi yambiri muithere pa njira. Silaidi isakhale tsamba la buku. Mizere yochepa, zilembo zazikulu, ndipo chithunzi cha mulu wa mbewu chimene mwajambula nokha kwanu chimalankhula kuposa ndime yonse.

Za Chipwitikizi chothawa, nthawi zambiri chothawa si chinenero, ndi ganizo limene silinakhazikike. Yesani izi. Khalani pakhonde ndi amayi kapena agogo, muwafotokozere m'Chichewa, kwa mphindi zitatu, chimene mukufufuza, chifukwa chake ndi mmene mudzachitire. Akafunsa kuti "nanga ukadziwa zimenezo zitithandiza chiyani?", yankho limene muwapatse ndilo justificativa yanu, chigawo chonena kufunika kwa kafukufukuyo. Pomwe mwakakamira m'Chichewa ndi pomwe simunamvetse, ndipo Chipwitikizi sichingabise pamenepo. Zikayenda, bwerezani m'Chipwitikizi mokweza mawu, mutaimirira, wotchi ili patsogolo, kasanu kapena kuposa, kawiri pamaso pa anzanu amene mwawapempha kuti akufunseni mopanda chifundo. Ziganizo ziwiri zoyambirira muziloweze pamtima, chifukwa mantha amakhala pa mphindi yoyamba, zotsalazo musaloweze. Katchulidwe ka kwathu, kosakaniza "r" ndi "l", sikagwetsa munthu. A júri amamvera ngati mukudziwa chimene mukunena.

Akamafunsa, lembani funso lililonse mu kope, mudikire amalize, muthokoze, muyankhe chimene afunsacho basi. Ngati simunaliganizire, nenani kuti simunaliganizire ndipo mukalikonza. Musakangane, komanso musagonje pa chinthu chimene mukuchidziwa. Ngati wina akuti thumba ndi makilogalamu 50 ndipo inu munayeza, nenani mwaulemu kuti munayeza ndipo munapeza zakuti. Fikani msanga, muyese pulojekita, mukhale ndi masilaidi pa PDF ndiponso osindikiza pa pepala, kuti magetsi akathima mupitirize.

Ripoti lenileni, nthawi yake ikafika, musaliyambire kumutu. Yambani ndi metodologia mukadakumbukira zonse, kenako resultados, discussão, conclusão. Introdução, mawu oyamba, muikonze pambuyo, resumo, chidule cha ripoti lonse, pomalizira penipeni. Mu resultados nenani zimene mwapeza. Mu discussão nenani tanthauzo lake ndi mmene zikufananira kapena kusiyana ndi za ena. Apa chenjerani ndi msampha umodzi. Mukapeza kuti ogula mbewu yatsopano amakolola zambiri, musathamangire kunena kuti mbewuyo ndiyo yachititsa. Amene ali ndi ndalama ya mbewu nthawi zambiri alinso ndi ya feteleza, ya mankhwala a chiwawu ndi ya aganyu. Ndiye funsani za zimenezo mu inquérito yanu, ndipo polemba nenani kuti zinthuzi zimayendera limodzi. Zimene kafukufuku wanu sanathe, monga kudalira zimene mlimi akukumbukira za chaka chatha, zilembeni nokha pa limitações asanakufunseni. Excel ikwana pa ziwerengero zambiri za ntchito yotere. Mukafuna kuyesa kusiyana kwa magulu awiri, pulogalamu ya SPSS kapena yaulere ya jamovi idzakuthandizani, bola mudziwe chifukwa chimene mwasankhira teste, njira yoyesera kusiyanako.

Supervisor ali ndi ophunzira ambiri ndi makalasi ake. Mukamutumizira masamba 30 ndi mawu akuti "muone", adzaika pambali. Mukamutumizira masamba atatu ndi funso limodzi lolunjika, adzayankha. Mukakumana, lembani zimene mwagwirizana, mumutumizire madzulo omwewo kuti pasadzakhale kusiyana mawu.

Masabata asanu ndi limodzi akwana. Loyamba ndi la funso ndi pepala la mizere inayi lija. Lachiwiri ndi lachitatu ndi a kudula ndi kulembanso revisão ndi metodologia. Lachinayi pitani kwanu ndi sikelo mukayese mafunso pa alimi khumi aja, kuti pa semina mukalankhule za zinthu zimene mwazigwira kale ndi manja. Lachisanu ndi la masilaidi, lomaliza ndi la kubwereza. Lolemba likubwerali pitani kwa supervisor wanu ndi pepala limodzi lokha, masamba 30 aja muwasiye kunyumba, ndipo mumufunse ngati tsopano akuona chimene mukufuna kufufuza.